Ndege zogula, oulutsa aganyu: chimene Lithuania inachita bwino mu 1919

Ndege yoyamba imene asilikali a dziko la Lithuania anakhala nayo sanaigule. Anachita kulanda. Zinachitika mu Febuluwale 1919 kufupi ndi katauni ka Jieznas, kumwera kwa mzinda wa Kaunas, ndipo ndegeyo inali Sopwith 1½ Strutter, ya mtundu wa ku Britain koma inali m'manja mwa asilikali a Bolshevik, achikomyunizimu amene analanda boma ku Russia. Mwezi womwewo usanathe kunafika zina 8 za mtundu wa LVG C.VI, zimene boma linagula kwa Ajeremani. Gulu lonse la ndege za nkhondo linali lomwelo basi. Oziulutsa ake ambiri anali Ajeremani aganyu, ana a dziko lomwe lija limene linakhalira Lithuania pamsana kuyambira 1915.

Okonda mbiri ya nkhondo akafika pa nkhani imeneyi amathamangira ku ungwazi: anyamata olimba mtima, ndege za matabwa ndi nsalu, zipolopolo zikuuluka. Ungwaziwo unalipo, sindikukana. Koma ndege zimenezi sizinapulumutse Lithuania, ndipo amene amanena kuti zinatero akuwonjezera mchere m'ndiwo zokoma kale. Chimene ine ndimachipatsa ulemu pa nkhani yonseyi ndi chinthu chosaoneka bwino pa chithunzi: pa 12 Malichi 1919, nkhondo ili mkati, mdani ali pakhomo, boma losauka linatsegula sukulu yophunzitsa ana ake za ndege. Kugula ndege kunali kwa lero. Sukulu ija ndiyo inaonetsa kuti anthuwa akuganiza zodzakhalapo mawa.

Kuti timvetse kulemera kwa chisankho chimenecho tiyenera kuona mmene dzikolo linalili. Ufulu wodzilamulira unalengezedwa ku Vilnius pa 16 Febuluwale 1918, koma unali ufulu wa papepala chifukwa asilikali a Germany anali akadali ponseponse. Lamulo lokhazikitsa gulu la asilikali linatuluka pa 23 Novembala 1918, Germany atagonja kale pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pasanathe milungu isanu ndi iwiri, kumayambiriro kwa Januwale 1919, a Bolshevik analowa mu Vilnius ndipo boma linathawira ku Kaunas. Ndalama zoyendetsera boma zinali ngongole ya mamaki 100 miliyoni yochokera ku Berlin. Asilikali ake anali anyamata a kumidzi odzipereka okha, ambiri atakopeka ndi lonjezo loti akadzapambana adzapatsidwa malo olima. Mfuti zinali zosakwanira, yunifomu zosowa, ena ankaguba atavala nsapato za matabwa za kumudzi. Msilikali woyamba kufa, Povilas Lukšys, anagwa kufupi ndi Kėdainiai mu Febuluwale, ndipo patapita masiku ochepa ofesala woyamba, Antanas Juozapavičius, anafera pa mlatho wa ku Alytus.

Munthu woganiza bwino angafunse, ndipo funsolo si lopusa: boma limene likulephera kuveka asilikali ake nsapato, ndege likufuna zachiyani? Kodi si kugula wailesi m'nyumba mulibe ufa?

Yankho loyamba ndi lakuti ndege za nthawiyo zinali maso, osati nkhonya. LVG C.VI inali ya anthu awiri, woulutsa kutsogolo ndi woyang'ana kumbuyo, injini yake ya Benz ya mphamvu za akavalo 200, liwiro lake cha m'ma kilomita 170 pa ola. Inkatha kunyamula timabomba tochepa ndi mfuti za chiwaya, koma ntchito yake yeniyeni inali kuona. Gulu la asilikali lochepa, loyang'anira malire aatali, m'dziko la nkhalango ndi madambo, kumene misewu imasanduka phala chisanu chikamasungunuka ndipo matelefoni ndi owerengeka, limafa ndi chinthu chimodzi: kusadziwa kumene mdani wadzera. Wokwera hatchi ankatha tsiku lathunthu kuti akaone zimene ndege inkaona pa ola limodzi. Mkulu wa asilikali amene ali ndi anthu ochepa sangawamwaze paliponse. Ayenera kudziwa njanji imene ikubweretsa adani ndi mlatho umene akufuna kuwoloka. Kumayambiriro kwa Malichi 1919 ndege zija zinali zitayamba kale maulendo otere. Zinkamwazanso timapepala ta uthenga wa boma, m'dziko limene nyuzipepala sizinkafika kutali.

Yankho lachiwiri ndi la msika. Germany anatuluka m'nkhondo ali ndi ndege zambirimbiri ndi oziulutsa osowa ntchito, ndipo pangano la Versailles la pa 28 Juni 1919 linadzamuletsa kukhala ndi ndege za nkhondo. Panalibenso nthawi ina imene dziko losauka likanapeza ndege ndi aphunzitsi mosavuta chotere. Ngakhale bwalo la ndege linalipo kale, la Aleksotas ku Kaunas, lomangidwa ndi Ajeremani mu 1915. Amene anaona mpata umenewu n'kuugwira sanali ongofuna kudzionetsera.

Palinso chachitatu, chimene sichiyezedwa pa sikelo. Anthu amenewa analamulidwa ndi mafumu a Russia kuyambira 1795. Kuchokera mu 1864 mpaka 1904 kunali koletsedwa kusindikiza buku m'chilankhulo chawo ndi zilembo zachilatini, moti mabuku ankachita kulowa mozembetsa kuchokera ku Prussia. Mlimi amene bambo wake ankabisa buku la mapemphero, lero akuona ndege yokhala ndi chizindikiro cha dziko lake ikudutsa pamwamba pa munda wake. Boma latsopano limene anthu akulikayikira ngati lidzafika Khirisimasi limafunika zinthu zotere.

Koma tisapitirire muyezo. Amene anabweza a Bolshevik ndi asilikali oyenda pansi, mothandizidwa kwambiri ndi Ajeremani odzipereka ochokera ku Saxony, mpaka pamene Zarasai inalandidwa kumapeto kwa Ogasiti 1919. Chinathandizanso n'chakuti Red Army, gulu la nkhondo la a Bolshevik, inali ndi moto wina kwawo, nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi Kolchak ndi Denikin, atsogoleri a asilikali odana ndi a Bolshevik, ndiponso kuti Poland inali itailanda Vilnius mu Epulo. Ndege zosakwana 20 sizikanasintha zimenezi, kaya zikanakhalapo kaya ayi.

Tsopano tifike pa aganyu aja, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma. Mu Okutobala 1919 ndege yachilendo, Junkers F 13 yachitsulo chokhachokha, inakakamizika kutera m'dera la Lithuania ili pa ulendo wochokera ku Germany kupita ku Moscow. Mmodzi mwa okwera, amene ankabisa dzina lake, anali Enver Pasha, nduna ya nkhondo ya ufumu wa Ottoman pa nthawi ya nkhondo yaikulu, munthu amene mayiko opambana ankamusakasaka ndipo dzina lake silichoka pa nkhani ya kuphedwa kwa anthu a ku Armenia. Anawagwira n'kuwasunga ku Kaunas. Anatuluka bwanji? Woulutsa ndege wachijeremani, wolipidwa ndi boma la Lithuania, anamukweza m'ndege n'kuuluka naye kupita ku Germany. Malipiro ankalandira ku Kaunas, koma mtima unali kwawo. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Iyi inaguluka n'kuthawa ndi mkaidi yemwe.

Ndipo vuto silinali la munthu mmodzi. Miyezi yomweyo mdani wachiwiri anali atalowa kuchokera kumpoto: gulu la Pavel Bermondt-Avalov, lodzitcha la Russia koma asilikali ake ambiri ali Ajeremani amene sankafuna kubwerera kwawo. Taganizani tsono. Ndege zako zikuulutsidwa ndi Mjeremani, makaniko wako ndi Mjeremani, ndipo amene ukufuna kukamuponyera bomba ndi Mjeremani mnzawo, mwina amene ankadya naye mbale imodzi chaka chatha. Ungamutume? Ukamutuma, zimene adzakuuze pobwera ungazikhulupirire? Nkhondo ya ku Radviliškis, pa 21 ndi 22 Novembala 1919, inapambanidwa ndi asilikali a pansi, ndipo pakati pa katundu amene analanda panali ndege pafupifupi 30. Dziko limene miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo linali ndi ndege imodzi yolanda tsopano linali ndi ndege zochuluka kuposa anthu ake odziwa kuziulutsa.

Ngakhale utsogoleri unali wobwereka. Kwa kanthawi mu 1919 gululi linkatsogozedwa ndi ofesala wa ku Sweden, Olle Dahlbeck. Pambuyo pake kunabwera Roderick Carr, mbadwa ya ku New Zealand ya m'gulu la ndege la Britain, amene anakhala miyezi yosakwana itatu n'kupita. Chaka cha 1921 anali kale pa sitima ya Shackleton, wofufuza malo wa ku Britain, yolowera kumwera kwa dziko lapansi. Sindikuwanyoza anthuwa. Anabwera ndi luso limene eni dziko analibe, ndipo popanda iwo sukulu ija ikanasowa wophunzitsa. Koma mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera umamufuna osamuona.

Ndiye chifukwa chake tsiku la 16 Disembala 1919 ndimaliona lalikulu kuposa tsiku limene ndege zogula zinafika. Pa tsikuli sukulu ija inatulutsa ophunzira ake oyamba, 34. Sanatuluke ali akatswiri. Miyezi isanu ndi inayi, ndege zochepa zimene nthawi yomweyo zikufunika kunkhondo, aphunzitsi olankhula chilankhulo china: ambiri anayenera kupitiriza kuphunzira kuulutsa chaka chotsatira. Komabe pamene nkhondo yachitatu inabuka, yolimbana ndi Poland mu 1920, m'ndege munali ana a dzikolo, ndipo mtsogoleri wawo anali mnzawo, Juozas Kraucevičius, amene anakhala pa udindowo mpaka 1927.

Mtengo wake unaoneka msanga. Pa 4 Okutobala 1920 ndege za Lithuania zinapita kukaponya mabomba pa siteshoni ya sitima ya Varėna, imene inali m'manja mwa asilikali a Poland. Ndege ya Juozas Kumpis, mmodzi wa ophunzira oyamba aja, inawomberedwa n'kugwa. Anavulala kwambiri ndipo anamwalira patapita masiku ochepa ali m'manja mwa adani, woulutsa ndege woyamba wa Lithuania kufera kunkhondo. Mlungu womwewo, pa 7 Okutobala, mayiko awiriwa anasainirana pangano ku Suwałki, ndipo inki isanaume mkulu wa asilikali a Poland, Lucjan Żeligowski, ponamizira kuti wagalukira boma lake, analanda Vilnius. Ndege sizinamuletse. Amene anamuimitsa kuti asafike ku Kaunas ndi asilikali a pansi ku Širvintos ndi Giedraičiai mu Novembala. Vilnius inakhala m'manja mwa Poland mpaka 1939. Wina akafuna umboni woti ndege sizinapambane nkhondoyi, ndi umenewo, ndipo ndikuuvomera wonse.

Phindu la sukulu linabwera mfuti zitatonthola. Ndege zolanda ku Radviliškis zinali za mitundu yosiyanasiyana, zina zothyoka, zipangizo zake zosowa. Kuti ziuluke panafunika kuziphwasula, kusema matabwa atsopano, kusoka nsalu, kutenga chitsulo cha iyi kuika pa iyo. Malo okonzera ndege a ku Aleksotas anakhala sukulu yachiwiri. Munthu amene wakonza ndege ya mwini wake kakhumi amayamba kuona pamene woipangayo analakwitsa, ndipo tsiku lina amati ndipange yanga. Jurgis Dobkevičius, wa m'gulu loyamba lija, anapanga Dobi-I mu 1922, kenako Dobi-II, ndipo anafa mu Juni 1926 akuyesa Dobi-III ku Kaunas. Mnzake wa kalasi imodzi, Antanas Gustaitis, anapanga ANBO-I mu 1925, anapita kukaphunzira uinjiniya wa ndege ku Paris, n'kubwerera. Anthu amati dzina la ANBO ndi chidule cha mawu a chilankhulo chawo otanthauza kuti Antanas akufuna kukhala mumlengalenga. Kaya ndi zoona kaya ndi nthabwala ya m'bwalo la ndege, dzinalo linamatirira. Ndege za ANBO zopangidwa ku Kaunas zinapitirira 60, zophunzitsira ndi zaukazitape. Mu 1934 Gustaitis anatsogolera ANBO-IV zitatu pa ulendo wozungulira malikulu a mayiko a ku Ulaya, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000, ndipo chaka chomwecho anakhala mkulu wa gulu lonse la ndege. Dziko la alimi, la anthu osafika 3 miliyoni, limene zaka 15 m'mbuyomo linkabwereka ngakhale womanga sikuluwu.

Steponas Darius, amene dzina lake lili pa bwalo la Aleksotas lero pamodzi ndi la Stasys Girėnas, nayenso anaphunzira kuulutsa m'gulu lomweli atabwera kuchokera ku America. Ulendo wawo wa pandege wa mu Julayi 1933 wochokera ku New York, umene unathera pa ngozi kufupi ndi Soldin atatsala ndi makilomita 650 kuti afike ku Kaunas, ndi umene dziko lonse la Lithuania limaukumbukira. Ine ndingoudutsa, chifukwa uli ndi oukamba ambiri kale.

Pali mfundo ina yotsutsa imene ndi yolemera kuposa ya nsapato ija, ndipo sindingailambalale. Pa 15 Juni 1940 asilikali a Soviet Union analowa mu Lithuania. Dzikolo linali ndi ndege za nkhondo zoposa 100, oulutsa ophunzitsidwa bwino, mainjiniya ake. Palibe ndi imodzi yomwe imene inanyamuka kukamenya. Boma linavomera zimene Moscow inalamula, Pulezidenti Antanas Smetona anathawira kunja, gulu la ndege linathetsedwa. Gustaitis anagwidwa mu 1941 n'kuwomberedwa ku Moscow pa 16 Okutobala chaka chomwecho. Ndiye wotsutsa anena kuti: sukulu yanu ija, zaka 21 za thukuta ndi maliro, zinathandiza chiyani pa tsiku limene zinafunika?

Pa tsikulo sizinathandize kanthu. Ndipo ngakhale zikanauluka zonse, sizikanaimitsa dziko limene linali ndi ndege masauzande, limenenso linali litaika kale asilikali ake pafupifupi 20,000 mkati mwa Lithuania kutsatira pangano la mu Okutobala 1939. Koma taonani kumene cholakwa chinali. Mu 1919 vuto linali loti ndege zilipo koma oziulutsa ndi a eni ake. Vuto limenelo sukulu inalithetsa. Mu 1940 oulutsa anali ana a dzikolo, okonzeka, koma lamulo loti nyamukani silinabwere, chifukwa amene anayenera kulipereka anali boma limene kuyambira pa kulanda ulamuliro kwa mu Disembala 1926 silinkayankha kwa anthu. Ndipo apa gulu la ndege silingasambe m'manja: ena mwa maofesala ake anatenga nawo mbali pa kulanda boma kumeneko. Sukulu inawaphunzitsa kuulutsa ndi kupanga ndege. Sinawaphunzitse kuti msilikali salowa m'nyumba ya malamulo ndi mfuti. Choncho mfundo ya 1940 sikugwetsa zimene ndikunena, koma ikuzichepetsa, ndipo ndi bwino kuti zichepe. Kuphunzitsa anthu ako kumakuchotsa m'manja mwa waganyu. Sikukuchotsa m'manja mwa mnansi wamkulu, ndiponso sikukonza ndale zako.

Ena angati chilichonse chinatha mu 1940. Sichinathe chonse. Romualdas Marcinkus, woulutsa ndege wa gululi amenenso anali kaputeni wa timu ya mpira ya dzikolo, anakalowa m'gulu la ndege la Britain, anagwidwa ndi Ajeremani, ndipo anali mmodzi wa akaidi 50 amene Gestapo, polisi yachinsinsi ya Germany, inawapha mu 1944 atathawa kundende ya Stalag Luft III. Ndege ya ANBO-I ikadalipo, ikusungidwa ku Kaunas. Ndipo pamene Lithuania inapezanso ufulu mu 1990 n'kuyamba kumanganso gulu lake la ndege, inatenga chizindikiro chakale chija, mtanda wa mipiringidzo iwiri wa Vytis, msilikali wokwera hatchi wa pa chizindikiro cha dzikolo, ndipo tsiku lobadwa la gululi imaliwerengabe kuchokera pa 12 Malichi 1919.

Chimene chimandisowetsa mtendere pang'ono ndi cha lero, chifukwa chikuoneka ngati chikunditsutsa. Lithuania ya lero ilibe ndege zomenyera nkhondo mumlengalenga. Ili ndi zonyamula katundu ndi asilikali monga C-27J Spartan, ndi mahelikopita. Kuyambira pamene inalowa mu NATO pa 29 Malichi 2004, thambo lake limalonderedwa ndi mayiko anzake mosinthana, kuyambira ndi a ku Belgium amene anabwera ndi ndege za F-16, ndipo Ajeremani nawonso akhala akubwera pa zigawo zawo. Kodi si kubwereranso ku aganyu a 1919? Ndikuona kusiyana. Waganyu uja ankamangidwa ndi malipiro a mwezi, ndipo tinaona mmene chingwe chimenecho chinadukira pa nkhani ya Enver Pasha. Wa lero watumidwa ndi boma lake pansi pa pangano limene boma lakelo nalonso limalidalira. Ndipo dziko laling'ono likawerengera mtengo wa ndege imodzi yamakono, n'kukumbukira ndege 100 zimene zinangokhala pansi mu 1940, silingadzudzulidwe posankha kuika ndalama zake pa asilikali a pansi, pa ma radar ndi pa anthu ake oyendetsa bwalo. Komabe sindinganame kuti mtima wanga wakhazikika. Pangano nalonso ndi pepala, ndipo a ku Lithuania amadziwa bwino kuposa ine kuti la ku Suwałki linakhala masiku angati.

Ndege za NATO zimenezi zimanyamukira pa bwalo la Zokniai ku Šiauliai. Kuchoka pamenepo kukafika ku Radviliškis, kumene anyamata a kumidzi aja analanda ndege 30 zimene sankadziwa kuziulutsa, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20.